Ngati zonse amalamulira ndi Mulungu, nanga Freddy anamutuma ndani?

Nabanda_wa_ku_Bangwe

Moni nonse apagulu. Ndili ndi funso koma ndineneretu kuti sindikufunsa mwachipongwe ayi, ndine mkhristu ndithu, ndimaphunzitsanso Sande sukulu kutchalitchi kwathu kuno ku Bangwe. Mwezi uno tili pa mutu wa chilengedwe, Genesis 1, ana amaukonda kwabasi mutu umenewu chifukwa timajambula dzuwa, mwezi, nsomba, mbalame, aliyense ndi pepala lake. Nde ndili mkati mofotokoza kuti Mulungu analenga zonse ndipo mpaka lero ndi amene amazigwirizira ndi kuzilamulira, mvula, mphepo, olo mpheta siigwa pansi iye osadziwa monga pa Mateyu 10:29 paja, kamtsikana kena ka sitandade 6 kanangokweza mkono nkuti, aphunzitsi nanga mvula ya namondwe Freddy ija anatumiza ndi Mulungu? Banja lawo linabwera kuno kuchokera ku Chilobwe itachitika ngozi ija ya mu Marichi 2023 ndipo pakhomo pawo panatuluka maliro oposa amodzi.

Ndinangoti tidzakambirana Lamulungu likubwerali. Nde Lamulungulo layandikira.

Pomwe pandivuta ndi apa. Ndikati eya ndi Mulungu, mwanayu amva kuti Mulungu yemwe timamuuza kuti ndi chikondi ndi yemweyo anagubuduzira miyala ya mphiri la Soche pa nyumba yawo. Ndikati ayi si Mulungu ndi Satana, kapena zinangochitika basi, nde kuti pali zinthu zina zomwe Mulungu sazilamulira, chonsecho sabata iliyonse timaimirira nkunena kuti ndikhulupirira Mulungu Atate wamphamvuyonse wolenga zakumwamba ndi zapansi. Wamphamvuyonse wake uti woti namondwe nkumuzemba? Pamaliro timamva mawu aja akuti Yehova anapatsa Yehova watenga, enafe timangoti ameni koma mumtima muli zina. Chonde amene munaphunzirako Mawu ndithandizeni, koma musangondiuza kuti khulupirirani basi, mwana wa zaka 12 zimenezo sizimukwana.

Moto_wa_Eliya

Mlongo nkhaniyi ndi yaifupi. Dziko lino lachimwa zedi, uhule, ufiti, katangale, kuba ndalama za boma, anthu asiya kupemphera nde mukufuna Mulungu angokhala chete? Werengani za Nowa werengani za Sodomu. Freddy linali chenjezo kwa Malawi yense kuti tilape. Muuzeni mwanayo chilungamo osamubisira, Mulungu sanyozeka. 2 Mbiri 7:14 basi nkhani yatha.

Mkulu_wa_ku_Zingwangwa

Mayi Nabanda zikomo, mwana ameneyo wafunsa funso la akuluakulu ndipo mumuyamikire kaye musanamuyankhe. Ine ndine mkulu wa mpingo chabe ku CCAP, si mbusa, koma ndiikepo mawu anga.

Ndiyambe ndi achimwene a Moto. Ndi ulemu wonse achimwene, yankho lanulo Yesu mwini wake analikana. Tsegulani Luka 13:1-5. Ku Siloamu nsanja inagwera anthu 18 nkuwapha, Yesu nkufunsa kuti kodi mukuyesa kuti amenewo anali ochimwa kuposa ena onse okhala mu Yerusalemu? Anayankha yekha kuti iyayi. Mawu a kulapa alipo pandimeyo inde, koma akupita kwa ife otsala amene tikuonerera, osati kuti tiziloza chala amene agona kumanda. Pa Yohane 9 ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona anafunsanso zomwezo, anachimwa ndani uyu kapena makolo ake, yankho linalinso lakuti palibe. Ndipo tangoganizani nokha, chikanakhala chilango cha katangale matope aja akanalowera ku Chilobwe ndi ku Manje komwe kumakhala amayi ogulitsa tomato ndi azibambo aulonda? Akuba ndalama za boma sagona mnyumba za zidina mphepete mwa phiri. Anzake a Yobu atatu aja, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, analankhula mitu ndi mitu kuti Yobu uyenera kuti unalakwa penapake ulule, koma pa Yobu 42:7 ndi iwowo amene Mulungu anawapsera mtima kuti simunanene zoona za ine. Tizisamala polankhulira Mulungu pamaliro a anzathu.

Komanso Mayi Nabanda musathawire kwa Satana poti ndiko kophweka. Baibulo silidziwa milungu iwiri, wabwino ndi woipa, yolimbana mofanana mphamvu. Mu Yobu momwemo mutu 1, mphepo yaikulu inachokera kuchipululu nkugwetsera nyumba ana ake onse, nkhani yofanana kwambiri ndi yathuyi, ndipo Satana alimo ndithu munkhaniyo koma sanasunthe phazi asanapatsidwe chilolezo ndi malire. Genesis 1 imene mukuphunzitsayo mfundo yake yaikulu ndi yomweyo. Mitundu yoyandikana ndi Aisraeli, Aigupto ndi Ababulo, inkapembedza dzuwa ndi mwezi, nyanja inkaopedwa ngati mphamvu yoima payokha. Genesis akubwera nkunena kuti ayi, dzuwa ndi mwezi ndi zounikira chabe zopangidwa tsiku lachinayi, nyanja inauzidwa posonkhana ndipo inamvera. Palibe kanthu kumwamba kapena pansi komwe kali ndi ufumu wakewake.

Makolo athu a mpingo wa chikonzedwe sanaope kunena zimenezi. Katekisma wa Heidelberg wa mchaka cha 1563, funso 27, amati masamba ndi udzu, mvula ndi chilala, zaka za dzinthu ndi zaka za njala, thanzi ndi matenda, chuma ndi umphawi, zonse sizitigwera mwangozi koma zimadutsa mdzanja lake la utate. Mawu olemera amenewo, ineyo pena amanditsamwa pakhosi, koma amene anawalemba sanali anthu odyerera, ankakhala nthawi ya miliri ndi nkhondo za chipembedzo ku Ulaya, ankaika ana awo mmanda ngati ife tomwe.

Tsono pomwe anthu timaterereka ndi apa, kunena kuti Mulungu amalamulira ndi nkhani ina, kunena kuti ine ndikudziwa chifukwa chomwe walolera chakutichakuti ndi nkhani inanso. Yoyambayo tinauzidwa. Yachiwiriyo ayi. Pa Yobu 38 Mulungu akuyankha ali mkamvuluvulu, ndipo werengani mpaka mutu 41 simupeza pomwe akuti Yobu ana ako anafa chifukwa chakuti. Akungomufunsa kuti unali kuti pomwe ndinkaika maziko a dziko, anatsekera nyanja ndi zitseko ndani, amagwetsa mvula kuchipululu kopanda munthu ndani. Yobu mpaka buku kutha sanauzidwe zomwe zinakambidwa mmutu 1 zija. Deuteronomo 29:29 amati zobisika nza Yehova, zoululidwa nzathu ndi ana athu.

Nde ndikanakhala ine ndikanamuuza mwanayo kuti Freddy sanamudzidzimutse Mulungu ndipo sanamupose mphamvu, kuti sichinali chilango cha abale ake ndipo aliyense womuuza zimenezo akunama, ndi kuti chomwe analolera sanatiuze, olo abusa olo aphunzitsi ake sanauzidwe. Ana amalemekeza munthu wamkulu amene sakupeka yankho.

Aphiri_Ndix

Akuluakulu ine zakutchalitchi ndinapumulako kaye kkkk koma apa ndiyankhepo chifukwa a Malawi timakonda kumukankhira Mulungu zinthu zoti tapanga tokha. Freddy sanangotulukira ayi. Anayambira panyanja cha kufupi ndi Australia kumayambiriro a Febuluwale 2023, anaoloka nyanja yonse ya India, anamenya Madagascar, nkulowa Mozambique, nkubwereranso panyanja kukatenga mphamvu zina, kenako nkudzalowanso cha ku Quelimane pa 11 Marichi nde kumatipeza ifeyo. Masiku 36 amwene, a WMO, bungwe loona zanyengo padziko lonse, anachita kutsimikiza kuti chiyambire kulemba zanyengo palibe namondwe wina anakhalitsa choncho. Madzi a mnyanja akafunda nthunzi imakwera yambiri ndipo namondwe amadya zimenezo, akatera pamtunda amafooka akabwerera pamadzi ofunda amadzukanso, palibe zamatsenga apa. Ndipo azanyengo athu anachenjeza zisanachitike, pawailesi, pa Facebook, mmagulu a WhatsApp monse zinkazungulira.

Komano mvula ndi mvula, chinapha anthu ambiri ku Blantyre kuno ndi phiri kutsika. Funsani agogo anu mmene phiri la Ndirande linkaonekera kale, munali nkhalango yoti mwana sangalowemo yekha, mzaka za mma 1990 mitengo inatha psiti lero ndi minda ya chimanga ndi miyala basi. Soche chimodzimodzi, pa pepala ndi nkhalango yotetezedwa koma nyumba zinakwera mpaka mmwamba. Mizu ndi imene imagwira dothi, mukachotsa mitengo nkugumulanso mmunsi kuti mupeze pomanga ndi dothi loumbira njerwa, mvula ya masiku angapo osakata ikalowa pansi dothilo limalemera nkusanduka phala, nde likayamba kuyenda limatenga miyala, nyumba, chilichonse. Ngalande zathu nazo zodzadza majumbo ndi mabotolo, Mudi ndi Naperi madzi osowa kolowera.

Ndipo musaloze okhala kuphiri okha, tonse muno timaphikira mbaula olo kunyumba kwa abusa. Dzukani mbandakucha muone njinga za makala zikulowa mtauni matumba atatu atatu munthu akukankha thukuta lili kamukamu. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 magetsi anavuta kwa nthawi yaitali, amene ankaphikira magetsi nawonso anabwerera ku makala, mitengo nkumapitirira kutha. 2015 madzi, 2019 Idai, 2022 Ana, 2023 Freddy kupha anthu oposa 1,000, 2024 chilala mpaka boma kulengeza ngozi mmaboma 23. Zonsezi tizingoti chifuniro? Ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991 agogo ankati Napolo wadutsa, ife ophunzira tikuti Mulungu walola, bola tisatchule nkhwangwa.

Mayi_a_Chisomo_Limbe

Aphiri mwanena zoona zambiri mwana wanga koma mwagawa pakati zinthu zosagawika, mukuyankhula ngati tikadziwa mmene namondwe amapangikira nde kuti Mulungu tamuchotsa ntchito. Ife ku Katolika tinaphunzitsidwa kuti Mulungu ndiye gwero loyamba la zonse koma amagwira ntchito kudzera mu zolengedwa zake zomwe, ndipo zolengedwazo anazipatsa mphamvu zenizeni zochitira zinthu, si zidole. Thomas Aquinas amene anamwalira mu 1274 analongosola zimenezi kalekale. Tikakhala pa nsima timathokoza Mulungu, chonsecho tikudziwa bwinobwino amene analima, wakuchigayo amene anagaya ndi amene anagwira mthiko, ndipo palibe amati poti ndaona mayi akuphika nde Mulungu sanandipatse. Nsima ikapserera sitinenanso kuti Mulungu wapsereza. Sayansi ndi chikhulupiriro si adani, mmodzi mwa amene anayamba kufotokoza, mu 1927, kuti thambo lonseli likufutukuka, maganizo omwe anadzabala zomwe ana akuphunzira za Big Bang, anali wansembe wa ku Belgium, Georges Lemaître.

Ndipo nkhani ya nkhwangwa mukuinenayo ili mu Genesis momwemo. Anthu amakonda kuloweza 1:28 poti pali mawu oti mugonjetse dziko, amaiwala 2:15 pomwe munthu anaikidwa mmunda kuti aziulima ndi kuusamala. Salimo 24 likuti dziko lapansi ndi la Yehova ndi zonse zili mmenemo. Ngati ndi lake nde kuti Soche si wathu, Michiru si wathu, tinangosungitsidwa. Papa Francis mu kalata yake ya Laudato Si' ya 2015 anati tizimva kulira kwa dziko pamodzi ndi kulira kwa osauka, tinaikambiranapo kumphakati kwathu ndipo amayi ena anadabwa kuti kani kudula mtengo mwachisawawa ndi nkhani yokaulula. Nde kukhulupirira kuti Mulungu ndi mlengi sikutichotsera mlandu ayi, kukutiwonjezera. Amene sakhulupirira akadula phiri walakwira anthu anzake, ife tikadula talakwira anthu ndi mwini phiri yemwe.

Pokhapo ndikupempheni, polankhula za omanga mphiri tizisankha mawu. Munthu samanga pamalo otsetsereka chifukwa chofuna kamphepo kayaziyazi. Puloti mtauni muno mtengo wake mukuudziwa, lendi mukuidziwa, munthu amalandira ndalama yaulonda kapena amagulitsa zitumbuwa apita kuti? Mvula yomweyo inagwanso ku Nyambadwe, ku Namiwawa ndi ku Sunnyside, Mateyu 5:45 amati amagwetsera olungama ndi osalungama omwe, koma kumeneko kuli maziko asimenti ndi ngalande. Mvula inagwa mofanana, chomwe sichinali chofanana tinakonza ndife anthu. Ngakhale kufunda kwa nyanja mukunenako, utsi wochuluka womwe ukukuchititsa sukuchokera ku Malawi kuno. Paulo pa Aroma 8:22 amati chilengedwe chonse chikubuula, ine ndimaona kuti chikubuula chifukwa cha ife ndipo amene amayamba kumva ululu wake ndi amene alibe kothawira.

Mayi Nabanda anawo akamaliza kujambula mitengo papepala, mvula ikayamba apatseni mbande adzale olo pabwalo latchalitchi pomwepo, ndi phunziro lomwelo.

Wa_ku_Manje

Ine ndimangowerenga muno sindilembalemba koma iyi yandikhudza. Ndinali komweko. Usiku wa Lamulungu kuchera Lolemba pa 13 Marichi mvula inali isanakate, magetsi kunalibe, foni yatha moto, nde kunangomveka chiphokoso kuchokera kumtunda pansi pakunjenjemera ndithu, anthu kukuwa koma osadziwa kuti uthawire mbali iti poti mdima. Kutacha pomwe panali mzere wa nyumba panali miyala ina kukula kuposa minibasi, matope ofiira mpaka mmawondo, malata atapindika, mapoto, yunifolomu ya mwana wasukulu itakodwa pa chitsa. Tinkakumba ndi makasu ndi mafosholo ena ndi manja, ukamva ngati mawu pansi aliyense amati chete chete, kenako nkupitiriza.

A Moto ndikufunseni. Nyumba yachitatu kuchokera pa ine munkakhala mayi wina wa Mvano, wogulitsa mandasi, 4 koloko mmawa umamva akuimba nyimbo zamsumu akukazinga, ndi amene ankathamangira pakhomo pakagwa matenda. Anapita ndi zidzukulu zake ziwiri. Ineyo Loweruka lake ndinagona nditakhuta kachasu, kutchalitchi ndinali nditasiya kalekale, nyumba yanga inangogumuka khoma limodzi ndili bwinobwino lero ndikulemba pano. Nde chilango chanucho chinasochera nyumba?

Kumsasa pasukulu paja ankabwera ambiri odzalalikira, ena ndi ufa ndi mabulangete Mulungu awadalitse, koma chomwe chinkandipweteka ndi maumboni. Munthu kuimirira nkumati Mulungu anandikonda ine, anandidzutsa ine, ndine wokonderedwa, anthu mmanja, pomwe pambali pake pakhala bambo woti mkazi wake sanapezeke mpaka lero. Ndimafuna kufunsa kuti nanga awa sanawakonde? Kuthokoza nkwabwino koma tiziona amene watikhala pafupi.

Amene anandithandiza ine ndi abusa ena achikulire, sindinawafunse ndi mpingo womwe, anabwera opanda chimkuzamawu anangokhala nafe pa desiki nkuwerenga Salimo 69, paja akuti ndipulumutseni Mulungu madzi andifika mkhosi, ndamira mthope lozama lopanda popondapo, ndatopa nkufuula, maso anga alema poyembekeza Mulungu wanga. Tonse tinangoti zii. Kani mBaibulo muli munthu woti anamudandaulira Mulungu choncho osakanthidwa. Sanafotokoze kanthu abusawo, anapemphera mwachidule nkumapita.

Chodabwitsa nchakuti ndinabwerera kutchalitchi itapita Freddy, osati chifukwa ndapeza yankho ayi, ndinali ndi mkwiyo ndipo mkwiyowo umafuna mwini wake. Aphiri zanu za nthunzi ndi nyanja ndazimva ndipo ndi zoona, za mitengo ndi zoonanso ine ndemwe ndinaotchako njerwa mphiri muja, koma nthunzi sungaifunse kuti bwanji mayi uja. Ngati kulibe amene amalamulira nde kuti kulibenso wokamudandaulira, zidzukulu zija zinangopita basi ngati nkhani yatha. Ine ndinasankha kukangana naye kusiyana nkuti kulibe aliyense. Pena ndimaimba nawo pena ndimangokhala kumbuyo.

Achemwali a ku Bangwe, mwanayo musathamangire kumutseka pakamwa ndi vesi. Mufunseni kaye amene anamwalirawo maina awo, ankakonda chani. Mwina funso lake lenileni ndi loti kodi ndikololedwa kumukwiyira Mulungu.

Nabanda_wa_ku_Bangwe

Achimwene a ku Manje pepani kwambiri, ndawerenga misozi ili mmaso. Zikomo nonse, abambo a ku Zingwangwa ndalemba mavesi onse aja. Ndiyamba ndakaonana ndi mayi ake a mwanayu kunyumba lisanafike Lamulungu, nkhani ngati iyi si yoyambira pagulu la ana anzake.

Aphiri_Ndix

Biggy a ku Manje ulemu wanu, pepani zedi, apa sindingatsutse kanthu. Koma bambo mkulu wampingo ine pakadali pamodzi pomwe sipakundilowa. Mukuti sanachite koma analola. Kwa munthu wamba kulola ndi kuchita nzosiyana poti mphamvu zathu nzochepa, koma kwa amene ali ndi mphamvu zonse, amadziwiratu zonse, ndipo kungonena liwu limodzi namondwe akanathera panyanja pomwepo osafika nkomwe ku Quelimane, kusiyana kwake kuli pati? Za mitengo tavomera ndi ife, nanga ana aja anadula mtengo uti?

Mkulu_wa_ku_Zingwangwa

Aphiri funso lanulo ndi lolungama ndipo sindikunamizani kuti mawu oti kulola amachotsa ululu wonse, sachotsa. Si inu oyamba. Pa 1 Novembala 1755 chivomerezi chinagwetsa mzinda wa Lisbon ku Portugal mmawa wa tsiku la Oyera Mtima Onse anthu ali mmatchalitchi, anafa miyandamiyanda, ndipo anthu ophunzira a ku Ulaya anakangana za funso lanu lomweli kwa zaka zambiri. Habakuku analifunsa, Yeremiya analifunsa.

Chomwe kusiyanitsako kumateteza ndi ichi, kuti Mulungu sakondwera ndi choipa ndipo si iye gwero lake, komanso kuti choipacho sichingathe kumulanda dziko lake. Baibulo limagwira ziwirizi pamodzi osataya chimodzi. Yosefe anauza abale ake pa Genesis 50:20 kuti inu munandipangira choipa koma Mulungu anachipangira chabwino, sanati simunalakwe ayi. Petro pa Machitidwe 2:23 akuti Yesu anaperekedwa mwa uphungu wa Mulungu, mpweya womwewo nkuti inu munamupha ndi manja a anthu osaweruzika. Mmene ziwirizi zimalumikizirana mutu wanga sufikapo.

Chimene chimandigwira ine kuti ndisachoke ndi chakuti wolamulira ameneyu sanakhale patali nkumaonerera. Akolose 1:16-17 amati zonse zinalengedwa mwa Khristu ndipo zimagwirizana mwa iye, ndiye yemweyo pa Marko 15:34 akufuula kuti Mulungu wanga mwandisiyiranji. Pa Marko 4 analetsa namondwe panyanja ya Galileya ndi mawu chabe, nde mphamvu mukunenazo anali nazo ndithu, koma pa Gologota sanadziletsere yekha. Pamanda a Lazaro analira chonsecho akudziwa kuti amuukitsa. Ana aja sanadule mtengo uliwonse, ndipo chikhristu sichinena kuti imfa yawo ndi yabwino, chimati imfa ndi mdani, 1 Akorinto 15:26, mdani wotsiriza kuthetsedwa. Ngati Mulungu salamulira zonse lonjezo limenelo lilibe womalikwaniritsa. Mungathe kukana kuti si zoona, ufulu ndi wanu, koma musatiyese kuti timati zonse zili bwino.

Moto_wa_Eliya

A ku Manje pepani sindimanena mayi amenewo. Koma abambo musafewetse Mawu, Amosi 3:6 akuti kodi tsoka lingagwere mudzi osalichita Yehova? Ilipo kapena palibe?

Mkulu_wa_ku_Zingwangwa

Ilipo achimwene, ndipo Yesaya 45:7 ndi yolimba kuposa pamenepo, nchifukwa chake ndinawauza Mayi Nabanda kuti asathawire kwa Satana. Koma werenganinso Amosi 3:7, vesi yotsatirayo, Amosi ankanena zomwe Yehova anamuululira iyeyo za Israeli wa nthawi yake. Inu ndi ine za Chilobwe sitinaululiridwe kanthu. Ndipo ngati mukufuna kulalikira Amosi mu Blantyre muno lalikirani yense, muone amene akuwadzudzula, pa 2:6 ndi ogulitsa osauka pa mtengo wa nsapato, pa 5:11 ndi opondereza aumphawi nkumamanga nyumba za miyala yosema, pa 8:5 ndi ochepetsa muyeso pogulitsa tirigu nkukweza mtengo. Uthenga umenewo adilesi yake si kumsasa wa anthu othawa matope.

Aphiri_Ndix

Eee zochepetsa muyeso zilimonso? Nde ndi za mavenda a chimanga ndi zidebe zawo zophwanya mmunsi zija kkkk. Amosi ameneyo nde ndimuwerengako, ali cha pati kodi, kufupi ndi Yona?

Mayi_a_Chisomo_Limbe

Pakati pa Yoweli ndi Obadiya mwana wanga, mitu 9 yokha, olo pafoni bandulo siikutherani.